Boti la wakeboard: werengani katundu musanafunse za injini

Loweruka m'nyengo yotentha pamtsinje wa Vaal, kumwera kwa Johannesburg, maboti amayamba kulira dzuwa lisanakwere. Munthu ali m'madzi mpaka m'khosi, mawondo wapinda, mapazi amangidwa pathabwa, manja agwira kamtengo ka kumapeto kwa chingwe. Akakuwa kuti wakonzeka, woyendetsa amakankha chogwirira cha mafuta, injini n'kubangula, mphuno ya boti n'kuloza kumwamba. Masekondi ochepa otsatirawo ndiwo amaulula ngati mwini boti adagula bwino. Boti lina limadzuka msanga, mphuno n'kutsika, n'kuyamba kutsetsereka pamwamba pa madzi wapathabwa ataimirira kale. Lina limangolima madzi mphuno ili m'mwamba, woyendetsa akusuzumira cham'mbali poti kutsogolo sakuona, uku wapachingwe akumwa madzi, mikono ikulema. Okwera amauzidwa kuti asunthire kutsogolo, ena awiri atsike kaye adikire pagombe.

Kawirikawiri boti lotere silikhala ndi chilema. Injini ili bwino, thupi la boti lili bwino, koma ziwirizi zidaphatikizidwa popanda wowerenga katundu amene zidzanyamule. Ogula ambiri amafika kwa wogulitsa ndi mafunso awiri: n'lalitali mafiti angati, nanga injini yake ndi ya horsepower zingati? Mafunsowa ngoyenera, kungoti amafunsidwa nthawi isanakwane. Loyamba n'lakuti: tsiku losewera, anthu atakwera, matanki atadzaza, boti limeneli lidzakhala likulemera makilogalamu angati, ndipo lidzakhala pamadzi ati? Utali wa boti ndi mphamvu ya injini zimatuluka m'yankho la funso limeneli.

Chifukwa chake chili m'mbiri ya masewerawa, yomwe ndi yaifupi. Mu 1985 Tony Finn wa ku San Diego, ku California, adayamba kugulitsa thabwa lotchedwa Skurfer, lokokedwa ndi boti koma lofanana ndi la osewera pamafunde a nyanja yamchere. Ku Texas, Jimmy Redmon ankapanga lakelake, ndipo mu 1989 adayambitsa bungwe la World Wakeboard Association. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Herb O'Brien idatulutsa thabwa la Hyperlite, lopyapyala, losavuta kulimiza podzuka, moti ngakhale ana adayamba kukwanitsa. Pofika 1996 wakeboard idalowa m'mpikisano wa X Games.

Maboti omwe ankakoka anthu amenewa adapangidwira masewera ena, a water ski. Ski Nautique, yomwe kampani ya Correct Craft ya ku Florida idatulutsa mu 1961, ndi anzake a MasterCraft ndi Malibu omwe adabwera pambuyo, adali maboti opepuka, injini ili pakati penipeni, pansi pake posalala. Cholinga chidali kupha funde. Munthu wa ski amadutsa kumbuyo kwa boti uku ndi uku, botilo likuthamanga mpaka makilomita 58 pa ola, ndipo kachitunda kalikonse ka madzi kamamusokoneza. Wa wakeboard amafuna zosiyana kotheratu. Kwa iye funde ndilo pokwerera, ndilo limamuponya m'mwamba. Ndiye anyamata a nthawi imeneyo adayamba kulemeretsa maboti a makolo awo: matumba a mchenga, zitsulo, zigubu za madzi, anzawo onenepa n'kuwakhazika kumbuyo. Opanga maboti ataona izi adasintha mamangidwe. Injini idasunthidwira kumbuyo, mphamvu yake n'kumabwerera kupulopela kudzera m'magiya otchedwa V-drive. Pansi pa mipando padalowa matanki ndi matumba a madzi, omwe eni masewerawa amati ballast. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Correct Craft idaika chitsulo chachitali chomangirirapo chingwe pamwamba pa boti, kuti chingwe chizikokera wosewera m'mwamba osati pansi. Malibu idabwera ndi Wedge, chitsulo chomira kumbuyo chomwe chimakokera tako la boti pansi.

Zonsezi zikuchita ntchito imodzi. Funde ndi madzi omwe boti lawakankha kuti lipeze malo. Boti likamira kwambiri limakankha madzi ambiri, funde n'kukula. Palibe njira ina. Ndipo lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi.

Tiyerekeze ndi boti lamakono la mafiti 22 kapena 23, lolemera makilogalamu 2,400 lili lopanda kanthu. Thirani petulo malita 200, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 150. Kwezani anthu asanu ndi atatu a makilogalamu 75 aliyense, apo ndi 600. Mathabwa, zingwe, majekete oyandamitsa, nangula, mabatire owonjezera ndi bokosi la zakumwa, tinene 100. Tsopano dzazani ballast malita 1,500. Zonse pamodzi zafika makilogalamu 4,750. Nambala yomwe idalembedwa m'kabuku ka wogulitsa yangotsala pang'ono kuwirikiza kawiri, koma injini ndi yomwe ija. Amene sadachite samu yophwekayi asanapereke ndalama ndi amene amatsitsa abale ake pagombe.

Utali wa boti

Maboti a masewerawa ambiri ali pakati pa mafiti 20 ndi 25, kapena kuti mamita 6.1 mpaka 7.6. M'lifupi sasiyana kwambiri: aakulu ambiri amathera pa mainchesi 102, omwe ndi mamita 2.59, chifukwa ku America, komwe amapangidwa, katundu woposa pamenepo amafuna chilolezo chapadera pamsewu. Choncho chimene wogula akusankha makamaka ndi utali ndi kuzama kwa mbali zake.

Ambiri amaganiza kuti boti lalitali ndilo la funde lalikulu. Zimatha kutero, koma pamtengo. Thupi lalitali limagawa kulemera pamalo aakulu, ndiye kuti limire mofanana ndi lalifupi limafuna madzi ochuluka m'matanki. Boti la mafiti 20 kapena 21 limamira msanga ndi ballast yochepa, funde lake limakhala lopapatiza ndi loimirira, limakhota mosavuta mumtsinje wopanikiza, ndipo injini yapakatikati imalikwana. La mafiti 24 kapena 25 likapanda kulemeretsedwa limapanga funde lotambalala koma lofooka. Likalemeretsedwa bwino funde lake limakhala lalikulu zedi, la akatswiri, koma pamenepo mukuyendetsa matani asanu kapena kuposa, ndipo injini yaing'ono pamndandanda wa wogulitsa siingathe. Ubwino weniweni wa boti lalikulu ndi malo a anthu komanso kupirira pamadzi owinduka. Padamu lalikulu pomwe mphepo imadzuka masana, mbali zazitali ndi thupi lalitali zimateteza okwera, makamaka poti boti lodzaza ballast mphuno yake imakhala pafupi ndi madzi. Woyendetsa akachepetsa liwiro mwadzidzidzi n'kukhotera m'funde lake lomwe, madzi amalowera kutsogolo ngati botilo ndi lalifupi komanso lolemera mopitirira.

Kachitsulo kolembedwa pafupi ndi chiwongolero kamanena chiwerengero cha anthu ndi makilogalamu omwe boti lingatenge. Ena amalemba anthu 14, ena 16, ena 18. Nambala imeneyo ndi malire a chitetezo. Sikutanthauza kuti anthu onsewo angakhale momasuka tsiku lonse pamodzi ndi mathabwa awo, matawulo ndi zakudya. Ndipo matumba a madzi omwe mwini boti waonjezera yekha amadya gawo la makilogalamu omwewo. Ine ndimaona kuti wogula aziwerenga anthu omwe amabwera Loweruka wamba, osati a tsiku la Khirisimasi. Ngati masiku ambiri muli anayi kapena asanu, mafiti 20 mpaka 21 akukwanirani. Ngati muli asanu ndi awiri mpaka khumi, 22 kapena 23. Oposera apo amapindulitsa sukulu zophunzitsa masewerawa, mabanja awiri atatu ogula pamodzi, ndi osewera a mpikisano.

Pali mfundo ina yomwe ogulitsa satchula kawirikawiri, koma makolo ayenera kuidziwa. Wosewera wodziwa amakokedwa pa liwiro la makilomita 32 mpaka 39 pa ola, chingwe chili mamita 20 kapena kuposa. Mwana wongoyamba amafuna liwiro lotsika kwambiri ndi chingwe chachifupi. Boti lolemera likamayenda pang'onopang'ono chonchi silikhala litadzuka bwino, funde lake limasweka n'kukhala thovu mbali zonse, lalitali kuposa mawondo a mwanayo. Ana ambiri amagwa mphwayi pamenepa. Amaopa kuwoloka funde, amaumirira kumbuyo kwenikweni kwa boti, mawa lake safunanso kulowa m'madzi. Boti lopepukirapo, matanki ali opanda kanthu, limapanga funde laling'ono losalala pa liwiro lotsika, ndipo mwana amaphunzira kuliwoloka tsiku loyamba. Banja lomwe likugula kuti ana aphunzire lisagule boti la katswiri yemwe mwanayo mwina adzakhale zaka zisanu zikubwerazo. Funde lalikulu limavulazanso: mawondo ndi mitu ya ongophunzira zimalipira msanga akamaponyedwa m'mwamba asanadziwe kutera.

Boti limakhalanso pamtunda nthawi yaitali kuposa pamadzi. Utali wolembedwa m'kabuku nthawi zambiri suwerengera thabwa lokwererapo lakumbuyo, ndipo ngolo yokokera imatalika kuposa botilo. La mafiti 23 likakhala pangolo yake, petulo ali m'thanki, limatha kudutsa matani atatu. Magalimoto ambiri a double cab, monga Toyota Hilux ndi Ford Ranger, malire ake okoka ngolo ya mabuleki sapitirira makilogalamu 3,500, ndipo mitundu ina ya magalimoto omwewo malire ake ndi otsika kuposa apo. Ku South Africa laisensi ya Code B imalola ngolo yosapitirira makilogalamu 750, yolemera kuposa apo imafuna Code EB. Kumenekonso boti la injini yoposa 15 horsepower limafuna woyendetsa wokhala ndi chiphaso cha bungwe la SAMSA. Anzathu omwe adakhazikika ku Gauteng n'kumalingalira zogula boti lakale kuti azipita nalo ku Vaal ayeze kaye geti, galaja ndi galimoto.

Mphamvu yomwe ikufunika

Injini za maboti amenewa pafupifupi zonse ndi ma V8 a petulo ochokera ku General Motors kapena Ford, omwe makampani monga PCM, Indmar ndi Ilmor amawasintha kuti azigwira ntchito pamadzi. Malibu imakonza zake yokha. Zakale zambiri ndi za malita 5.7. Zatsopano zimayambira pa malita 5.3, kenako 6.0 ndi 6.2. Zing'onozing'onozo zimapereka horsepower cha m'ma 350, za malita 6.0 ndi 6.2 zimakhala pakati pa 400 ndi 450, ndipo zokhala ndi supercharger, makina opopera mpweya mu injini, zimafika 550 mpaka kudutsa 600.

Nambala ya horsepower imayezedwa injini ikulira kumapeto kwenikweni, cha m'ma 5,000 rpm (maulendo omwe injini imazungulira pa mphindi imodzi) kapena kuposa. Wakeboard sichitikira kumeneko. Ntchito yolemetsa ili pansi: kudzutsa matani anayi kapena asanu kuchoka poima, kukweza botilo pamwamba pa funde lomwe lenilo likupanga kutsogolo kwake, kenako kuligwira pa liwiro limodzi losasintha. Zimenezi zimafuna torque, mphamvu yopotokola shafti injini isanakwere kwambiri. Injini ziwiri zitha kusiyana pang'ono pa horsepower koma ya malita ambiri n'kukhala ndi torque yochuluka pomwe ikufunikira. Ndiye funsani torque, ndipo funsaninso kuti imapezeka pa rpm zingati.

Galimoto ikafika pa liwiro lake pamsewu wosalala injini imapuma, imangogwiritsa gawo lochepa la mphamvu zake. Boti silipuma. Madzi amalikaniza sekondi iliyonse, ndipo lilibe magiya osinthasintha, lili ndi imodzi yakutsogolo basi. Moyo wake wonse uli ngati wa lole yodzaza matumba a shuga ikukwera mapiri a Chikwawa kulunjika ku Blantyre, kungoti phiri la boti silifika pamwamba. Choipa china n'chakuti liwiro la wakeboard lili pafupi ndi malire pomwe boti lolemera limayamba kutsetsereka. Likatsika pang'ono limagweranso m'madzi, likakwera pang'ono funde limaphwa. Wosewera wamphamvu akatsamira chingwe pothamangira funde amalikoka botilo m'mbuyo ndithu. Makina ogwira liwiro, monga Zero Off yomwe imagwiritsa ntchito GPS, amathira mafuta nthawi yomweyo kuti abweze liwirolo, koma amatha kutero ngati injini ili ndi mphamvu yotsala. Ngati ikugwira kale ntchito ndi zonse zomwe ili nazo, liwiro limasinthasintha, funde limasinthanso, wosewera n'kumalumpha pa chinthu chomwe sangachidalire.

Pachifukwa chimenechi, ndalama zikakhala zoperewera ndi bwino kuchepetsa boti kusiyana n'kuchepetsa injini. La mafiti 21 lokhala ndi injini yolikwana limasangalatsa kuposa la mafiti 24 lokhala ndi injini yotsikitsitsa pamndandanda. Zokuzira mawu, magetsi a m'madzi, makapeti okongola ndi utoto wonyezimira zitha kuikidwa chaka chamawa. Injini kuisintha n'kugulanso theka la boti. Ndipo amene akuganiza kuti injini yaing'ono ipulumutsa mafuta pa boti lolemera akudzinamiza: injini yopanikizidwa tsiku lonse imamwa kwambiri ndipo imatha msanga.

Mwachidule, pamadzi a m'munsi pafupi ndi nyanja yamchere, boti la mafiti 20 kapena 21 lokhala ndi ballast yomwe lidabwera nayo limayenda bwino ndi injini ya malita 5.3 kapena 5.7. La mafiti 22 ndi 23 lomwe lizidzazidwa anthu ndi madzi likufunika ya 6.0 kapena 6.2. La 24 ndi 25 lisatsike pa 6.2. Supercharger ndi ya omwe akulemeretsa boti lalikulu mpaka kumalire kapena akukhala kumapiri, ndipo imabwera ndi zofuna zake: petulo wabwino kwambiri, kukonza kodula, makaniko woidziwa.

Nkhani ya mapiriyi ndi yaikulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Injini yopanda supercharger imapuma mpweya womwe ulipo, ndipo kumtunda mpweya ndi wopepuka. Amakaniko amawerengera kuti imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 aliwonse okwera. Maboti ambiriwa amapangidwa ndi kuyesedwa kumalo otsika: Correct Craft ku Orlando, ku Florida, pomwe MasterCraft ili ku Vonore ndi Malibu ku Loudon, m'chigawo cha Tennessee. Damu la Vaal lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,480. Pamenepo injini yolembedwa 350 horsepower imapereka pafupifupi 300, ndipo tsiku lotentha kwambiri imaperewera kuposa apo. Ku Lake Tahoe, pamalire a California ndi Nevada, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,900, gawo limodzi mwa magawo asanu limangotsala pang'ono kutha. Munthu amatha kuyesa boti kugombe la nyanja yamchere n'kukhutira nalo, kulikokera ku Gauteng n'kupeza kuti likulephera kudzuka ndi katundu yemweyo. Wokhala kumtunda akwere sitepe imodzi pa injini kuposa yomwe kabuku kakunena.

Mwayi ulipo pa pulopela, yomwe ndiyo giya ya boti. Mapiko ake amapendekeka mosiyanasiyana, ndipo kupendekeka kumeneku, komwe amati pitch, kumayezedwa m'mainchesi. Ya pitch yaikulu imaluma madzi ambiri pozungulira kamodzi, imathamanga, koma imalemetsa injini podzuka. Ya pitch yochepa imalola injini kukwera msanga kufika pomwe ili ndi mphamvu, boti n'kudzuka mosavuta, kungoti liwiro lakumapeto limatsika ndipo paulendo wautali mafuta amatha msangako. Makampani monga Acme ndi OJ amapanga mapulopela a maboti olemera ndi a kumtunda, ndipo mtengo wake ndi kachigawo kochepa ka mtengo wa injini. Maboti ambiri omwe eni ake adawataya mtima amachira ndi pulopela yokha. Koma pulopela siilenga mphamvu, imangosankha poigwiritsa ntchito. Malire ake ali m'buku la injini, lomwe limanena rpm zomwe iyenera kufika mafuta atatsegulidwa onse. Ikadutsa pamenepo pitch yachepa kwambiri. Ikalephera kufikapo ndiye kuti injini ikulemedwa.

Zonsezi zimaonekera poyesa boti pamadzi, ngati kuyesako kuli koona. Wogulitsa amakonda kutenga wogula yekha, matanki ali opanda kanthu, petulo ali pang'ono, n'kuthamangitsa boti kuti mphepo imuwombe kumaso. Boti lililonse limakhoza mayeso amenewo. Bwerani ndi anthu anu, dzazani matanki onse, ikani munthu wolemera pachingwe, ndipo ngati n'kotheka chitani izi pamadzi omwe muzisewerapo. Onani nthawi yomwe likutenga kuti lidzuke. Ikani liwiro la makilomita 35 pa ola, khotani, muone ngati likugwerera. Tsitsani liwiro kufika pa la mwana muone maonekedwe a funde. Kenako wapachingwe atakwera, tsegulani mafuta onse muwerenge rpm. Pa boti lakale onaninso maola omwe injini yagwira, ndipo makaniko wanu, osati wa wogulitsa, ayeze mphamvu ya m'masilinda. Wogulitsa akakana kudzaza ballast, chokani.

Madzi ali ndi eni ake

Funde silithera pomwe wosewera watera. Limapitirira mpaka kugombe. Mu 2022 akatswiri a St. Anthony Falls Laboratory pa University of Minnesota adatulutsa kafukufuku woonetsa kuti maboti olemeretsedwa, akamayenda pang'onopang'ono pa masewera a wakesurf, amafuna mtunda woposa mafiti 500 kuchokera kugombe kuti mafunde ake afooke kufika pa mlingo wa maboti wamba omwe ali pa mafiti 200. Wakesurf ndi mnzake wa wakeboard, wosewera amasiya chingwe n'kumakankhidwa ndi funde lokha boti likuyenda makilomita 16 mpaka 19 pa ola, ndipo boti lake ndi lomweli. Mu 2024 chigawo cha Vermont chidakhazikitsa lamulo loti masewera a mafunde aakulu azichitika pa nyanja zokhazo zokhala ndi malo a maekala 50, akuya mafiti 20, otalikira mafiti 500 kuchokera kugombe. Nyanja zing'onozing'ono zambiri zidatsekedwa kwa maboti otere. M'zigawo zina za America mkangano womwewu ukupitirira pakati pa eni maboti, asodzi ndi eni nyumba za m'mphepete mwa madzi omwe magombe awo akugumuka.

Wogula aone izi ngati gawo la kusankha. Boti la matani asanu mumtsinje wopapatiza kapena padamu losaya limavundula matope pansi ndi pulopela yake yoloza chapansi, limagwedeza maboti a anzake omangidwa pagombe, ndipo mafunde ake omwe amabwerera kuchokera kugombe n'kuononga madzi omwe mwini wake amafuna kusewerapo. Pamadzi aang'ono boti laling'ono ndilo labwino ngakhale kwa wosewera yemweyo.

Matanki a ballast ali ndi vuto lina. Sakhuthuka mpaka kuuma, ndipo madzi otsalira amanyamula zamoyo kuchoka damu lina kupita lina. Ku America amalimbana ndi tinkhono totchedwa zebra mussel, tomwe tidapezeka m'dera la Great Lakes mu 1988 n'kufalikira mpaka kutseka mapaipi a madzi. Kuno kumwera kwa Africa tikudziwa namasupuni, yemwe amaphimba damu la Hartbeespoort komanso amavutitsa mumtsinje wa Shire. Tizidutswa take ndi njere zake zimayenda pangolo ndi m'matumba a madzi. Boti la ballast yambiri limafuna kutsuka ndi kuumitsa kwambiri lisanasamukire kwina.

Pa Nyanja ya Malawi nkhani ya mpweya siivuta kwenikweni, poti nyanjayi ili pamtunda wosafika mamita 500 ndipo injini imangotaya pafupifupi 5 peresenti. Zovuta ndi zina. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira nyanja imawinduka moti boti lomizidwa dala ndi ballast lingakhale pangozi, ndipo madzi osalala amapezeka m'mamawa kapena m'malo obisika ndi mapiri ndi zilumba. Amakaniko a m'mphepete mwa nyanja adazolowera injini zopachika kumbuyo, monga za Yamaha, pomwe kachipangizo ka V8 ya m'kati mwa boti kayenera kuitanitsidwa kunja, boti n'kukhala pamtunda likudikira. N'chifukwa chake malo ogona alendo omwe amakoka anthu pa ski ndi wakeboard ku Mangochi, Cape Maclear ndi Senga Bay sangalakwitse kukhala ndi boti la injini yopachika. La mamita 5.5 mpaka 6 lokhala ndi 115 mpaka 150 horsepower, pulopela ya pitch yochepa ndi chitsulo chokwezera chingwe limadzutsa munthu wamkulu bwinobwino ndipo funde lake limakwanira wophunzira kwa zaka. Lisadzazidwe matumba a madzi kumbuyo, chifukwa tako lake n'lotsika ndipo injini ikulemetsa kale komweko.

Magombe athu ndi malo a ntchito. Pali mabwato a asodzi omwe mbali zake zimangotsala pang'ono kukhudza madzi akadzaza usipa, pali maukonde, pali amayi otsuka ndi ana osambira. Funde lomwe kwa mlendo ndi losangalatsa litha kugubuduza bwato la munthu yemwe wachezera usiku wonse panyanja. Woyendetsa apite kutali ndi gombe asanatsegule mafuta, akhale ndi munthu wachiwiri m'boti woyang'ana wapachingwe, ndipo injini izimitsidwe wosewera akamakwera kapena kutsika kumbuyo, poopa pulopela komanso utsi wa carbon monoxide womwe umaunjikana pamenepo ndipo sununkha. Wakesurf, yomwe imaika munthu mamita awiri kapena atatu okha kuchokera kutako la boti, isayesedwe n'komwe kumbuyo kwa injini yopachika. Pulopela yake ili poyera, pamalo enieni pomwe wosewera amagwera akapunthwa.